Kompyuta ikuti bambo ali ndi shuga

Moni nonse. Bambo agwa pa njinga m'mawa uno pochokera ku Mkanda, tili nawo kuchipatala. Atsitsimuka, koma akumva chizungulire.

Buku lawo la kuchipatala latsala kunyumba, ndiye anesi alemba dzina lawo pa kompyuta. Akuti, "Bambo anuwa akhala akulandira mankhwala a shuga kuyambira chaka chatha." Ine kukamwa yasa! Bambo akukanitsitsa: "Ine shuga ndimamudziwa wa mu tiyi basi."

Ndapempha kuti ndione ndekha, mwina ndi a Phiri ena. Akuti amaonetsa mwiniwake yekha. Nanga mwiniwakeyo panopa zilembo akuziona ziwiriziwiri!

Adokotala atenga magazi, tikudikira. Achemwali, inu mumakhala nawo pakhomo, munawaonapo akumwa mapilitsi? Tikhulupirire bambo kapena kompyutayo?