Lubani wa Achemwali Anga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Pasiwa amayi a mpingo anali akuimbabe motsitsa mawu, abambo ali khuma pamoto panja. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse, ndipo kunkawaza.

Malemuwo anali achemwali anga. Anagwirapo ntchito ku Lilongwe kwa mayi wina wachikulire wa ku China, amene anawaphunzitsa kupanga timitengo ta lubani. Ankang'amba nsungwi mopyapyala, n'kuziviika m'madzi, n'kuzigubuduza mu ufa wa makungwa onunkhira katatu konse, kenako n'kuyanika. Atabwerera kuno ku Kasina sanaleke. Akudwala anandigwira dzanja nati, "Amayi aja adzabwere, adzandiyatsire lubani okha."

Uthenga ndinali nditatumiza, koma yankho panalibe. Timitengo tomaliza timene anapanga tinali tisanaume, choncho ndinatiyala palichero pafupi ndi mafuwa. Mayi wina wophika anatsala pang'ono kusonkhezera nato moto.

Kutacha anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena atasenza nkhuni, ena kabichi. Ine ndinkangozungulira: kumoto, kumsewu, kumotonso. Njinga yamoto iliyonse yochokera ku Chimbiya ndinkaithamangira, poganiza kuti yanyamula mayi aja. Adzukulu atatumiza mawu akuti manda atha, ndinapempha akatekisiti kuti adikire pang'ono. Anayang'ana mitambo, napukusa mutu.

Tinanyamuka. Njira inali yoterera, onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, ndipo ine ndinali kumapeto kwenikweni, ndikucheukacheuka.

Bokosi litatsitsidwa, anthu anayamba kupatuka. Anali mayi aja, aafupi, imvi mbuu, matope mpaka m'maondo. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka, koma tinamva: "Mwana wanga ali kuti?"

Ndinawapatsa timitengo titatu. Akuluampingo anayang'anana, wina nanong'ona kuti zimenezi si za kwathu. Alamu anga, amuna a malemu, anakweza mutu.

"Asiyeni. M'nyumba mwanga fungo limeneli lakhalamo zaka zonsezi, ndipo korona timapemphera momwemo."

Machesi anazima kanayi chifukwa cha mphepo. Amayi awiri anatambasula zitenje zawo n'kutchinga, wachitatu anabwera yekha kudzathandiza, ndipo timitengo tinayaka. Utsi unakwera woonda, wopindikapindika. Mayi aja anawerama katatu, nazika timitengoto kumutu kwa manda. Kenako analira mokweza ngati mmene timalirira ife, ndipo amayi onse anawalandira.

Madzulo anthu anabalalika, miphika yobwereka inabwerera kwa eni ake. Mlendo wathu anakana kugona, anati mawa sitolo yawo ilibe wotsegula. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi alamu, mikeka itapindidwa pakona. Alamuwo anandifunsa ngati ndinafunsa dzina la mayi aja. Sindinafunse. Achemwali ankangowatchula kuti amayi.