Madzi amene ndinathira pa mapazi a amayi

Linali Loweruka lina m'mwezi wa Juni, chaka cha 1996, ndipo ine ndinali pakhonde kwathu ku Chinsapo, ndikukutira makope anga a Folomu 1 ndi mapepala a matumba a simenti. Zimene ndikulembazi ndi zoona, sindinawonjezerepo kanthu. Za Lowerukalo ndinazilemba m'kabuku kanga tsiku lomwelo, koma pakamwa sindinauzepo munthu.

Amayi anali atatha miyezi ingapo akudandaula mapazi. Ankati achita dzanzi, pena ngati nyerere zikuyenda m'kati mwa khungu, pena ngati akuponda pa thonje. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika, kumene ankagulitsa tomato, ali ndi patapata imodzi, inayo itavuka panjira iwo osadziwa. Tinaseka tonse, iwonso anaseka mpaka misozi.

Azakhali, alongo awo a bambo, atabwera kuchokera ku Ntcheu sanaseke nawo. Anati zimenezi n'zoponda, wina wathira mankhwala pamene amayi amaima kumsika chifukwa tomato wawo amatha msanga, ndipo pofunika kuviika mapaziwo m'madzi otentha a masamba a bulugamu kuti zoipazo zituluke. Loweruka limenelo anawiritsa okha masambawo, kenaka ananyamuka kupita kumaliro ku Area 36, n'kundisiyira ntchitoyo, akuti poti ndine wofatsa ndichita mosamala.

Amayi anakhala pakampando, mapazi m'beseni, lichero la nyemba pamiyendo. Nditathira ketulo yoyamba anati madziwo ali ngati tiyi wa khanda, ndionjeze. Ndinaonjeza. Anatinso sakumva kanthu, n'kundifunsa ngati makalawo ndikusungira ukwati wanga. Ndinawiritsa ketulo ina. Pothira, dontho limodzi linandigwera padzanja, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe. Nthunzi inkandiwotcha kumaso. Ndinayang'ana amayi, iwo ali phee, akusankha nyemba, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji sindinanene? Inenso ndimadzifunsa. Kwathu wamkulu akanena mwana sabweza mawu, ndipo ine ndinali mwana woti ngakhale m'kalasi yankho ndikulidziwa sindikweza dzanja. Ndinadziuza kuti mwina mapazi a akuluakulu ndi olimba.

Atawatulutsa anali ofiira psuu, ndipo dzuwa lisanalowe panatuluka matuza aakulu ngati mazira. Amayi ankangowayang'ana ngati ndi mapazi a munthu wina. Ine sindinalire. Ndinataya madzi aja, ndinatsuka beseni, n'kubwerera kukamaliza makope anga, ndipo ndimakumbukira kuti ndinawakutira bwino kwambiri.

Azakhali pobwera anakondwera, anati kwa bambo taonani achimwene, zoipa zija zatuluka, ndipo anaboola matuzawo ndi pini. Patatha masabata awiri m'nyumba munayamba fungo, ndiye bambo anati basi, tiyeni kuchipatala. Anamwino atafunsa chimene chinachitika, azakhali anafotokoza zoponda zija, amayi anati anangoviika m'madzi ofunda, ine nditaima pakona ndi fulasiki ya phala, duu. Atawayeza anawapeza ndi matenda a shuga. Anamwinowo anati dzanzi lotere limabwera ndi zambiri, kaya shuga, kaya mowa, kaya mankhwala ena a TB, kaya kuperewera zakudya m'thupi, ngakhale vuto la msana, ndipo chimadziwika pokhapokha munthu akayezedwa. Phazi lamanzere analidula zala ziwiri.

Papita zaka ziwiri tsopano. Amayi amayenda, koma mopendama pang'ono, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti matuza aja anabwera ndi matendawo. Amauza anthu kuti ine ndine amene ndinawasamala, ndipo akamatero ndimangoyang'ana pansi.

Zoponda kaya zilipo kaya palibe, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe wa pamsika amene anawotcha amayi anga. Choncho inu amene muli ndi wodwala wa dzanzi, musamufunse iye ngati madzi akutentha, chifukwa adzakuyankhani zoona zake zimene si zoona. Viikani chigongono chanu kaye, ndipo mupite naye akamuyeze.

Ndalemba zonsezi lero chifukwa madzulo ano mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzabwereka beseni lija. Akuti amuna awo, amene amasoka nsapato, miyendo yawo yayamba dzanzi, ndipo mawa akufuna kuwaviika. Amayi anawapatsa ndi mtima wonse, n'kuwalangiza kuti madzi ake azikhala otentha bwino.

Mawa ndisanavale yunifolomu ndikagwada pamaso pa amayi, ndikawauze mmene madzi aja analili. Ndikachoka apo ndikagogoda kwa anebawo, ndikatenge beseni lathu.