Chigwiriro cha Zala Zazing'ono

Mpeni uja ndikadali nawo. Chitsulo chake chadyeka ndi kunola, chatsala chopyapyala ngati tsamba la nsungwi. Chigwiriro n'chakuda, cha khonje ndi utomoni, ndipo chili ndi timaenje tinayi ta zala. Zala zanga sizilowamonso. Mkazi wanga anati tisinthe chigwirirocho. Ndinakana.

Anaupanga ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Anabwera kudzakhala nafe ku Chinsapo nyengo yozizira, ine ndili Sitandade 4. Bambo anali atamwalira kale. Amayi ankatsokomola, masana ankagona pamphasa. Ine ndinkati ndi chimfine cha Juni. M'nyumba munalinso mlongo wanga, kamwana koyamba kumene kuyenda.

Amalume anali osula mipeni. Zitsulo ankatola ku magalaja a ku Biwi, masipuling'i a galimoto zakufa. Ankasulira kuseri kwa nyumba, pa makala. Ogula anali ogulitsa nyama ndi anyamata a pachiwaya.

Kusula chitsulo ambiri amatha. Luso la amalume linali pa chigwiriro. Ankadula khonje pa mpanda, n'kulipala mpaka kutsala ulusi woyera. Madzi ake amayabwa, manja ankafiira. Ulusi ukauma ankaupota pantchafu kukhala kachingwe. Utomoni wa paini ankausungunula m'chitini, n'kuthiramo phula ndi makala osinja. Fungo lake linkalowa mpaka m'mabulangete. Kenako kukulunga chingwe, kupaka utomoni, kukulunganso. Utomoni usanaume ankaitana mwini mpeni, n'kuyala kansalu konyowa pachigwiriro, n'kumuuza kuti afinye. Zala zake zinkatsala pamenepo.

"Mpeni umamva dzanja limodzi," ankatero. Mwini akapanda kubwera, ntchito inkaima. Munthu wotere salemera. Sanalemeredi.

Mpeni wa amayi wodulira ndiwo unali utathyoka pakhosi. Anapempha wina. Amalume anasula chitsulo msanga, koma chigwiriro anachedwa nacho. Ankati, "Yambani mwapeza bwino, achemwali, dzanja likhale ndi mphamvu." Chitsulo chinakhala pawindo, chingwe chili pamsomali. Juni anatha. Tsiku lina m'mawa amayi anati, "Achimwene, sungunulani utomoniwo lero. Musadikirenso."

Anatuluka atafunda zitenje ziwiri, n'kukhala motsamira khoma, padzuwa. Amalume anakulunga, anapaka, anayala kansalu. Anagwira mpeni ku chitsulo n'kuwalozetsa chigwiriro. Amayi anatambasula dzanja. Analiyang'ana, n'kulibweza m'chitenje.

"Agwire uyu," anatero amayi, akuloza ine.

"Achemwali, mpeniwu ndi wanu."

"Ndati agwire uyu."

Ine ndinakana. "Wa ndiwo? Ine si mtsikana."

"Gwira iwe, utomoni ukuuma," anatero amalume, maso ali kumbali.

Ndinagwira. Chigwirirocho chinkatentha ngakhale panali nsalu, ndipo chinali chofewa ngati mbatata yootcha. Amalume anati, "Usafinye kwambiri. Tisiyeko malo, dzanjali likula."

"Ayi, afinye," anatero amayi. "Lofunika ndi dzanja la lero."

Ndinafinya.

Kuyambira pamenepo amayi sanadulenso ndiwo. Ankakhala pamphasa, ine pansi ndi lichero. Anandionetsa kupinda masamba a mpiru kukhala kamtolo, kubisa nsonga za zala, kudula mosathamanga. Anyezi, tomato, kabichi, kupala mamba a nsomba. Ndikadula zikuluzikulu ankandibweza. "Chepetsa. Mlongo wako sangameze zimenezo." Ndikadzicheka ankangoti, "Yamwa chalacho, upitirize." Sankandinyengerera. Kale sanali otero.

Anzanga ankadutsa ndi mpira wa majumbo kupita kubwalo. "Anaphiri, ndiwo zapsa?" Mmodzi ndinamuthamangitsa mpaka pa mjigo, lichero n'kugudubuzika. Nditabwerera amayi anali atatola masamba onse m'fumbi, ali wefuwefu. Sanandikalipire. Anangondipatsa mpeni.

Lero ndikuona kuti ankafulumira. Mphunzitsi wofatsa amafuna nthawi. Iwo analibe.

Anamwalira mvula isanayambe. Amalume anatsala nafe, koma ankalawira kukafuna zitsulo ndi ogula, kubwera dzuwa litapendeka. Wophika ndinali ine. Mlongo wanga anakulira ndiwo za mpeni umenewu. Pano ali ndi ana ake, ndipo mpiru amadula mopyapyala, osadziwa kumene zinachokera.

Ndimakumbukira m'mawa uja. Amalume ankafuna kusiya malo oti dzanja likule, chifukwa ankafunabe kukhulupirira kuti nthawi ilipo. Amayi anakana. Awiriwo ankakambirana za imfa, ine ndili pakati pawo. Sindinamve. Ndinangomva kutentha kwa utomoni m'manja, n'kumadandaula kuti anzanga ayamba mpira popanda ine.