Tsiku Limene Ndinadalira Hatchi

Mpaka lero ndikaona hatchi, ngakhale pachithunzi, mtima umandiwawa. Anthu amaitama kuti ndi yaliwiro. Ine ndinaionera pafupi, ndipo sindiitama.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mkazi wanga anali atabereka mwana wathu woyamba m'mawa, koma magazi sankaleka. Azamba anatuluka m'nyumba n'kundiuza kuti, "Bambo, apa ine zandikanika. Thamangirani kuchipatala cha mishoni, abwere ndi galimoto."

Basi inkadutsa pamsewu, koma masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankakwera, ndipo langa linali litanyowa m'bwato n'kung'ambika. Achimwene anga ankasamala hatchi ya mzungu wa ku esiteti ya nzimbe cha ku Dwangwa, ndipo Loweruka lililonse ankabwera nayo kunyanja kudzaisambitsa. Tsikulo linali Loweruka.

"Usadzivutitse, mphwanga," anatero achimwene. "Chinyama ichi n'chamoto. Ndikafika iwe usanamange n'komwe lamba."

Ife ndife ana a asodzi. Makolo athu anachokera kumpoto atanyamula makoka, osati ziweto. Tinkayesa hatchi ili ngati injini ya boti, yoti ukailiza imangopita mpaka mafuta atatha. Achimwenewo ntchito yawo inali kuipesa ndi kuimwetera udzu, ulendo wautali anali asanayende nayo. Anasankha njira ya m'mphepete mwa nyanja poti ndi yachidule, mumchenga womira mapazi, n'kuikwapula kuyambira pakhomo. Posakhalitsa inali itazimiririka.

Sindikanatha kukhala pakhonde ndikumva kubuula m'nyumba, choncho ndinawatsatira. Koma ndinkayenda, sindinkathamanga. Ndithamangirenji hatchi ili patsogolo? Ndinaima pachitsime n'kumwa madzi. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuzula munga kuphazi, ndipo mkulu wina atadutsa ndinamuuza monyada kuti ndabereka mwana wamwamuna.

Ndinawapeza pamathiriro a kamtsinje kena. Hatchi inali chiimire, mutu uli pansi, thovu thupi lonse, miyendo ikunjenjemera. Achimwene ankaikoka chingwe misozi ili mbwembwembwe.

"Yakana, mphwanga. Ndaimenya, ndaichonderera, yakana."

Ndinayamba kuthamanga. Liwiro ndilibe, koma miyendo yozolowera kukoka khoka siima msanga. Mchenga unkawotcha, m'nthiti munkabaya, malovu anauma, ndinasanza kawiri osaima. Ndinkapemphera mokalipa, ndikumuuza Mulungu kuti atenge miyendo yangayi koma andisiyire mkazi. Mtunda umene unagonjetsa hatchi ine ndinaumaliza, ndi wina wotalika kuposa pamenepo.

Kuchipatala sanachedwe nane. Namwino anakwera kutsogolo, ine kumbuyo, ndipo galimoto inadzera kumsewu. Titafika kumudzi, kulira ndinakumva injini isanazime.

Azamba anandigwira dzanja. "Mkazi wanu watisiya posachedwapa, bambo. Madzi amene ndinatereka pamoto atangotsirizika sanawire n'komwe."

Hatchi ija itapuma inabwerera yokha pang'onopang'ono, n'kumadya udzu kuseri kwa nyumba ya maliro ngati palibe chachitika. Achimwene anakalamba akudziimba mlandu, ndipo ine, wamantha, ndinawaleka. Sindinawauzepo za pansi pa mango paja. Nthawi imene ndinakhala pamenepo ndimaidziwa bwino: madzi aja akanawira kawiri.