Masuku a Kaphiri Kathu

Dzulo pamalire a Cassacatiza ndinadutsa pafupi ndi dengu la masuku akupsa, ndipo fungo lake linandibwezera chaka chimene tinabwerako ku Zambia nkhondo itatha.

Kuseri kwa mudzi wathu kunali kaphiri kodzaza misuku. Ankati ukafika pamwamba pake umaona madenga a ku Mualadzi, koma palibe ankakwerako chifukwa m'njira zake munali mabomba okwirira pansi. Amalume anafera komweko titangobwera kumene.

Koma bambo wina, amene sanathawe nkhondo, ankatsika kumeneko m'mawa uliwonse atasenza dengu lodzaza, miyendo yake yonse ili bwinobwino. Anthu ankamupatsa moni mwaulemu, iye akadutsa n'kumanong'onezana za amene anakwirira mabombawo.

Tsiku lina anaima pakhomo pathu n'kundipatsa masuku odzaza manja. Ndinaponya limodzi m'kamwa, lozizira ndi mame, lotsekemera.

Amayi anasiya kupeta chimanga.

"Zikomo, bambo," anatero motsitsa mawu. "Koma tandiuzani, inu mumadziwa bwanji poponda?"

Bamboyo anangoyang'ana mapazi ake. Ine ndinangoima pakati pawo, suku lili m'kamwa, kumeza osameza, kulavula osalavula.