Ndinali Wachiwiri Pamzere wa Zitenje

Anzanga, Fyson ndinakumana naye m'munda wa mbatatesi kwathu ku Mlangeni. Anali mlangizi watsopano wa zaulimi, anabwera panjinga yamoto kudzaona chiwawu chomwe chinagwira minda yathu.

Anatifunsa komwe chinayambira. Ine ndiye pakamwa panandiyabwa.

"Chiwawuchi chayambira kumunsi uko, mizere yake anaithinanitsa," ndinatero.

Anatembenuka. "Mwalondola. Dzina lanu ndani, achemwali?"

"Mbuli."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Paja dzinali linandimamatira nditabwereza Sitandade 6 kawiri n'kusiya sukulu. Kudimba, kuchigayo, ngakhale pakhomo pathu, akati "Mbuli!" ine ndinkangoti "Wee!"

Iye sanaseke.

"Ndafunsa dzina lomwe anakupatsani mayi anu."

"Ida..."

Linandivuta kutuluka, ngati ndikutchula dzina la mlendo.

Kuyambira tsikulo njinga ija inkafera dala pafupi ndi munda wathu. Ankandiimbira foni m'mawa uliwonse, mawu oyamba: "Ida wanga." Eee anzanga, ndinayamba kudzola mafuta popita kumunda! Ndinkayenda khosi lili neng'a.

Koma panali lamulo limodzi.

"Tisauze anthu kaye, babe. Ukudziwa kuofesi kwathu amayang'ana level ya mkazi."

Ndinavomera. Mumtima ndinkati, munthu wa dipuloma wandikonda ine, ndifunanso chiyani?

Patapita miyezi, azimayi a kalabu yathu ya mbatatesi anandisankha kukhala wapampando. Amayi ena anaimirira n'kunena kuti, "Mwanayu amadziwa mbewu kuposa tonsefe." Ndinathamanga kukamuuza Fyson, mtima uli m'mwamba.

Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Iwe? Kukabwera alendo a Chingerezi ukayankhula chiyani? Usadzichititse manyazi, kambuli kanga."

Kambuli kanga.

Ananena mwachikondi, akundisisita tsaya. Ndipo ine, m'malo mokwiya, ndinamwetulira. Mawa lake ndinakauza azimayi aja kuti sindingathe. Ndinaperekanso dzina la msuweni wanga Janeti, mwana wa azakhali, yemwe ali ndi MSCE.

Ndinamupereka ndekha, anzanga. Ndi pakamwa pangapa.

Wapampando ndi mlangizi amayendera limodzi misonkhano. Janeti anayamba kukwera njinga ija, lero ku Kasinje, mawa ku Sharpevale. Mafoni a m'mawa anayamba kudumpha masiku, kenako anatheratu.

Nditamufunsa Fyson anati, "Ida, be serious. Tinkangocheza. Iwenso ukudziwa kuti sindingakutengere kwa makolo anga."

Mukuganiza ndinamutukwana? Ayi. Ndinati, "Ndamva." Ndinapita kumunda n'kukalira ndikupalira, ndikudziuza kuti akunena zoona.

Tsiku lina azakhali anafika pakhomo akumwetulira.

"Mbuli, Janeti akumanga chinkhoswe ndi alangizi aja. Tikufuna atsikana ofunda zitenje. Iwe msinkhu wako ndi wofanana naye, mkamwini akasokonezeke bwino."

Mukudziwa mwambo wake. Atsikana amafunditsidwa zitenje mutu mpaka kumapazi, mwamuna n'kumavundukula mmodzimmodzi kufuna wake. Enawo ntchito yawo ndi kukanidwa kuti anthu aseke.

Azakhali sankadziwa kalikonse. Palibe ankadziwa. Ndikanatha kunena kuti ndadwala, ndikanatha kuulula zonse. Koma ndani akanakhulupirira kuti alangizi anayendapo ndi Mbuli?

"Chabwino, azakhali."

Loweruka lake masana tinatuluka atatu, ine wachiwiri pamzere. M'chitenje munali kutentha, ndinkangoona zala zanga zakumapazi ndi fumbi. Azimayi akuimba, nthungululu zili pakamwa.

Fyson anavundukula woyamba. "Si uyu!" Anthu kuseka.

Kenako ndinaona nsapato zake zitaima patsogolo panga. Ndinazidziwa, ndinazipukutapo matope kangapo. Ndikuuzeni zoona, anzanga? Kamtima kena kopusa kankayembekezerabe kuti akandiona asintha maganizo.

Chitenje chinakwera. Tinayang'anana. Maso ake anaphethira kamodzi kokha.

"Aaa, uyu ndiye ayi!" anakuwa, akuyang'ana anthu. "Uyu si Mbuli uyu?"

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Wina anaimba mluzu. Azakhali anali kuwomba m'manja, misozi yachisangalalo ili mbwee.

Munthu yemwe anandibwezera dzina langa m'munda muja ndi yemweyo anandilanda pamaso pa mudzi wonse.

Ndipo choopsa n'chakuti milomo yanga inayamba kumwetulira yokha, mwachizolowezi. Ndinaigwira. Ndinapinda chitenje chija bwinobwino, n'kuchipereka m'manja mwa azakhali.

"Dzina langa ndine Ida," ndinatero.

Sindikudziwa ngati alipo anamva, ng'oma zinali zitayamba kale chifukwa anali atapeza wake. Ndinadutsa kuseri kwa nyumba n'kumapita.

Papita miyezi isanu. Sindinama kuti ndachira. Njinga yamoto ikadutsa pamsewu mtima umagundabe, ndipo kukalabu kuja ndimakhala kumbuyo, Janeti ali pampando womwe azimayi anandipatsa ine.

Fyson anandilakwira, inde. Koma sanandikakamize kukana mpando, sanandifunditse chitenje. Ndinalowamo ndekha, chifukwa zaka khumi ndinkayankha "Wee!" ku dzina lonena kuti sindine kanthu, mpaka ndinalikhulupirira kuposa amene ankandiitana.

Dzulo mayi anga anakuwa ali pakhonde, "Mbuli! Tabwera kuno!"

Ndinapitiriza kusankha mbewu.

Anaitana kachiwiri. Kachitatu.

"...Ida?"

Anzanga, ndinayankha ndikulira.