Helemeti Imene Anasankha a Chifatse

Pa siteji ya njinga zamoto ankawatchula kuti a Chifatse. Zaka khumi ndi zinayi ananyamula anthu osapikisanapo ndi munthu pamsewu, ndipo anzawo ankawaseka kuti ngakhale nkhuku ikhoza kuwapitirira. Koma azimayi oyembekezera, okalamba opita kuchipatala ndi ogulitsa mazira ankalolera kuima padzuwa kudikira iwowo.

Anali ndi mahelemeti awiri. Yabwinoyo ankapatsa wokwera, eni ake n'kumavala yakale, yong'aluka kumbuyo, imene anaimata ndi tepi. Akazi awo ankainena tsiku ndi tsiku, iwo n'kumangoti mawa. M'mawa wina ataima pamaloboti, lole yoduka mabuleki inawagunda chakumbuyo. Mphunzitsi amene anamunyamula anangosupuka chigongono. Iwo anagona masabata atatu osadziwa kanthu, ndipo pamene anatsitsimuka, mawu anali atawathawa. Kumva ankamva, koma pakamwa pankangotuluka mpweya. Mwendo wamanja ankachita kuukoka.

Mwana wawo woyamba, mtsikana amene ankatsuka anthu tsitsi mu saluni, ndi amene anakonzetsa njingayo. Anaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, nakatenga laisensi. Mayi ake analira, nati njinga imeneyi yawalanda kale mwamuna, sangaipatsenso mwana. Iye anawayankha kuti m'nyumba muli anthu asanu ndipo saluni ikutsekedwa mwezi wamawa. Bambo ake anali panja, akupukuta thanki ya njingayo ndi kansanza monga ankachitira m'mawa uliwonse. Palibe amene anaganiza zowafotokozera.

Tsiku lokagula helemeti, mtsikanayo anawapeza pakhomo atavala jekete lawo la kuntchito. Analephera kuwabweza. Njinga anaikankha pamanja, iwo akutsimphina pambali pake.

Shopu yake inali yopapatiza, yonunkha oyilo ndi matayala atsopano, mahelemeti atapachikidwa pamisomali mpaka kudenga. Wogulitsa anatsitsa ya pinki, yopepuka, nati atsikana amakonda yomweyo. A Chifatse anaigogoda ndi chala, naifinya m'mbali. Inapindika ngati beseni. Anaibweza. Zosaphimba chibwano sanaziyang'ane n'komwe. Ina anaikana chifukwa cha lamba woonda, ina chifukwa galasi lake linkapotoza zinthu atalilozetsa kukhomo. Mtsikanayo anaona manja a bambo ake akugwira ntchito mosakayika, ngati ngozi ija sinawakhudze, ndipo mtima wake unasangalala.

Potsiriza anasankha yakuda, yolemera, ya siponji yokhuthala. Anaivala, napukusa mutu uku ndi uku. Sinagwedere. Anamanga lamba pansi pa chibwano, nakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi, kenaka n'kutambasulira mwana wawo dzanja.

Poyamba iye sanamvetse. Anaganiza kuti akufuna kuti awagwirizize. Koma zala zija zinkapotokola m'malere, ngati munthu akuliza injini. Ankafuna makiyi. Miyezi yonseyi, poona njinga ikukonzedwa, ankayesa kuti akukonzera iwo.

“Bambo,” anatero mtsikanayo, “helemetiyi ndi yanga. Woyendetsa tsopano ndine.”

Wogulitsa anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu m'makatoni. A Chifatse anaima nthawi yaitali dzanja lili chitambasulire. Galasi la helemetiyo linachita nthunzi, nkhope yawo osaonekanso. Mwana wawo anafuna kuwagwira, koma anaopa.

Anamasula okha lambayo. Atavula, masaya anali onyowa, koma sanawapukute. Anaveka mwana wawo helemetiyo, naigwira ndi manja awiri n'kuipotoza. Inazungulira momasuka, mutu wake uli phee. A Chifatse anapukusa mutu, naloza ina yoyera, ya mtundu womwewo koma yocheperako. Iyi inamugwira masaya mpaka anadandaula kuti ikuthina. Iwo sanasamale zimenezo. Anamumanga lamba, nalowetsa zala ziwiri pansi pake, nakokanso pang'ono. Kenaka anamusisita pamwamba pa helemetipo kawiri.

Anagula zonse ziwiri, poti wokwera naye amafunika yake. Pobwerera a Chifatse anakhala kumbuyo. Pa bampu iliyonse ankamugwira paphewa kuti achepetse liwiro, ngakhale iye anali atachepetsa kale. Podutsa pasiteji anzawo akale anaimirira n'kumaimba mahutala. Iwo anayang'ana kumbali.

Atafika kunyumba anavula jekete lija, nalipinda bwinobwino n'kuliika pamiyendo pa mwana wawo. Chakudya cha masana sanachikhudze. Mayi ake atafunsa chimene chachitika, mtsikanayo anangoti ayenda bwino, n'kupita kuseri kwa nyumba kukalira.

Kuyambira pamenepo a Chifatse sanayandikirenso njingayo. Ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo ankalowa m'nyumba pokhapokha akamva kulira kwa injini yake ikukhota pakona. Anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya mvula, atadwala chibayo masiku anayi okha.

Mwana wawo akadali pasiteji pomwepo. Helemeti yakuda ija amavala ndi okwera. Ambiri amadandaula kuti ndi yolemera, imatentha, imawononga tsitsi. Ena amafuna kungoinyamula m'manja. Iye sakangana nawo. Amangozimitsa injini n'kudikira mpaka amange lamba.